Injini ya Jeti ya M'galaja: Luso Lokoma, Koma Makutu Sagulidwa

Ambirife timaganiza kuti injini ya jeti imapangidwa m'mafakitale akuluakulu okha. Koma ku Britain, ku Germany ndi ku America kuli anthu amene akaweruka kuntchito amalowa m'galaja n'kuyamba kuwotcherera zitsulo kuti apange injini yotere pongosangalala. Mavidiyo awo ali mbwee pa YouTube, ndipo ana athu aja okonda kumasula mawailesi akuwaonera. Tisanawaletse kapena kuwalimbikitsa, ndi bwino tidziwe zimene akuonerazo.

Kagwiridwe ntchito ka injiniyi n'kosavuta kumva. Fani yakutsogolo imakoka mpweya n'kuupanikiza, mpweyawo umasakanikirana ndi mafuta n'kuyaka, kenako umatulukira kumbuyo mwaliwiro loopsa. Potuluka umazunguza fani yachiwiri, yomwe ili pachitsulo chimodzi ndi yoyamba ija, motero injini ikangolira imadzizunguza yokha. Frank Whittle wa ku Britain analembetsa luso limeneli mu 1930 ndipo injini yake inalira koyamba mu 1937. Ndege yoyamba ya jeti inauluka ku Germany mu 1939 ndi injini ya Hans von Ohain.

Mmodzi mwa amene anatsegulira njira anthu wamba ndi Kurt Schreckling wa ku Germany. Cha m'ma 1990 iye anapanga kainjini kouluzira tindege toseweretsa, ndipo fani yake yokoka mpweya anaisema kuchokera ku plywood. Masiku ano ambiri amayambira pa turbo yakale ya galimoto kapena ya lole, chifukwa mafani awiri aja alimo kale. Iwo amangowonjezera chipaipi choyatsiramo moto chokhala ndi paipi ina yobowolabowola m'kati, pampu ya oilo ndi silinda ya gasi. Poyilizitsa amaipemerera mpweya ndi makina opemerera masamba pabwalo.

Ngozi zake si zamasewera. Turbo yaing'ono imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo mpweya wotuluka umatentha madigiri oposa 600. Oilo akangoleka kuyenda kapena liwiro likapyola muyezo, fani imatha kusweka n'kumwaza zidutswa ngati zipolopolo. Gasi akamadontha m'chipinda chotseka, kamoto kakang'ono n'kokwanira kuphulitsa zonse.

Koma ngozi imene timaiiwala kwambiri ndi phokoso, chifukwa silitulutsa magazi. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za umoyo wa anthu pantchito, limalangiza kuti phokoso la ma decibel 85 munthu asakhalemo kupitirira maola 8 pa tsiku. Phokoso likakwera ndi ma decibel atatu okha, nthawiyo imatsika ndi theka, kotero kuti pa ma decibel 100 malire ndi mphindi 15. Pafupi ndi injini ya jeti phokoso limapitirira apa. M'kati mwa khutu muli timaselo tokhala ndi titsitsi timene timatithandiza kumva, ndipo tikafa sitimeranso. Bala la moto limapola, koma kulira kwa m'makutu kumatha kumutsatira munthu mpaka ukalamba.

N'chifukwa chake odziwa bwino luso limeneli amalizira injini panja, kutali ndi nyumba ndi ana. Amavala zotsekera m'makutu pamodzi ndi zovindikira makutu, komanso magalasi oteteza maso. Sayima m'mbali molunjikana ndi mafani kapena kumbuyo kotulukira moto. Amaika geji ya kutentha ndi ya oilo, chotsekera gasi chimakhala pafupi ndi dzanja, ndipo chozimitsira moto sichisowa.

Nanga mwana wathu akabwera ndi maganizo amenewa titani? Tisamuseke, chifukwa chidwi chotere ndi chimene chimabala amisiri. Komanso tisamusiye yekha ndi silinda ya gasi yophikira. Tikhale naye pansi, atifotokozere mmene injiniyo imagwirira ntchito, ajambule papepala. Timupezere turbo yakufa kuti amasule n'kumanganso popanda moto, ndipo timupereke kwa mmisiri wodalirika aphunzire kuyeza ndi kuwotcherera. Zoyatsa moto zidikire mpaka atakula ndiponso atapeza womuyang'anira wodziwa. Chida choyamba chimene tingamugulire chikhale zotetezera makutu, ndipo ifenso tizivala tikamapita naye kumene zitsulo zikulira.