Fani ikamalira usiku, yang'anani switchi ya pakhoma

Okutobala akafika, ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha kumatha kudutsa madigiri 40, ndipo m'mashopu a zamagetsi ku Limbe kapena ku Malangalanga mu Lilongwe mafani a kudenga amayenda malonda. Wogula amaunguza mapiko, mtundu ndi mtengo. Za switchi ya pakhoma amangotenga iliyonse imene wogulitsa waloza. Usiku fani ija n'kuyamba kulira ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini, mwini nyumba n'kumainyoza fani yosalakwa.

Nthawi zambiri wopalamula ndi dimmer, kachipangizo kopotokola kochepetsera kuwala kwa mababu. Pamaso kamafanana kwambiri ndi regyuleta ya fani, koma m'kati ndi zinthu ziwiri. Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba pa mavoti 230, ndipo dimmer imawachepetsa powaduladula. Babu wopangidwira dimmer sadandaula nazo. Mota ya fani ndiyo imanjenjemera, kulira ndi kutentha, mwina mpaka kupsa.

Ngakhale maregyuleta enieni sali ofanana. Akale aja, mabokosi akuluakulu otulukira pakhoma amene amaonekabe m'maofesi ena, amachepetsa liwiro potaya mphamvu ina ngati kutentha. N'chifukwa chake bokosilo limafunda mukaligwira: mayunitsi ena akungothera pakhoma. Amakono oyendera kapasita amakhala ndi masitepe, kawirikawiri atatu mpaka asanu. Satentha kwenikweni, ndipo fani imazungulira mwakachetechete ngakhale pa 1. Kuchipinda chogona, amenewa ndiwo oyenera. Palinso opotokola mopanda masitepe, osangalatsa m'manja, koma ambiri amaliritsa fani ikamayenda pang'onopang'ono.

Kenaka pali nkhani ya katundu. Fani wamba imadya mawati pakati pa 50 ndi 75, ndipo regyuleta iliyonse imalembedwa malire ake. M'matchalitchi ndi m'maholo mumapezeka mafani anayi atamangiriridwa pa regyuleta imodzi yopangidwira fani imodzi. Ndalama imaoneka ngati yapulumuka, mpaka tsiku limene pakhoma panunkha pulasitiki wopserera.

Mafani atsopano a mota ya DC, amene amadya pafupifupi theka la magetsi a fani wamba, safuna regyuleta konse. Liwiro lake limasinthidwa ndi rimoti, choncho pakhoma pamangofunika switchi yoyatsa ndi kuzimitsa basi. Fani ya kachingwe kokoka nayo ili ndi lamulo lake: kachingweko kasiyidwe pa liwiro lalikulu, ntchito yotsala igwire regyuleta.

Fani ikakhala ndi babu, mutu umakula pang'ono. Kuti wina athe kuzimitsa nyali fani ikuzungulirabe, pamafunika waya wina wopita kudenga ndi maswitchi awiri. Izi zimaphweka nyumba ikamamangidwa, siling'i isanakhomedwe ndi khoma lisanapakidwe pulasitala.

Komabe si kulira konse kochokera ku switchi. M'nyumba zimene zimadalira inverter magetsi akathima, makina otsika mtengo a modified sine wave amaliritsa fani ngakhale regyuleta ili yabwino.

Pomanga, switchi iyenera kudula waya wa moto, wa bulauni kapena wofiira m'nyumba zakale, osati wa neutral. Ikalumikizidwa mosemphanitsa, fani imaima ndithu, koma moto umakhalabe kudenga kudikira amene akwere kukapukuta fumbi kapena kusintha babu. Amisiri ovomerezeka kugwira ntchito yotereyi amakhala ndi chiphaso cha MERA, ndipo mwini nyumba ali ndi ufulu wopempha kuchiona mmisiri asanakwere makwerero.