Lusaka, Mzinda Wopanda Phiri la Wailesi

Ku Chipata, munthu akafunsidwa kumene mawu a wailesi amachokera amangoloza milongoti ya pamwamba pa phiri la Kanjala. Ku Blantyre amaloza Mpingwe. Nanga wa ku Kanyama mu Lusaka aloze kuti? Lusaka inamangidwa pamalo okwera mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, koma athyathyathya moti m'dzinja madzi a mvula amasowa kolowera.

Komabe mzinda womwewu ndi umene unkalankhula ndi anthu a mayiko atatu. Mu 1941 boma la atsamunda linatsegula kawailesi kakang'ono mu Lusaka kuti anthu azimva nkhani za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Nkhondo itatha, mkulu woona zofalitsa nkhani, Harry Franklin, anakakulitsa n'kukhala Central African Broadcasting Station, yomveka ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele. Phiri silinkafunika. Mafunde a shortwave amakwera kukagunda mpweya wa kumwamba kwenikweni n'kubwerera pansi kutali, choncho mlongoti wa pansi ku Lusaka unkamveka mpaka ku Zomba.

Vuto linali lakuti omvera analibe chomverera. Mu 1949 kampani ya Ever Ready inatulutsa wailesi ya batire yozungulira ngati sefuliya, yotchedwa Saucepan Special, pa mtengo wa mapaundi 5. Inalowa m'nyumba za akalaliki ndi aphunzitsi, ndipo madzulo anansi ankadzaza pakhonde. Mmodzi mwa amene ankamveka kwambiri anali Alick Nkhata, woyimba komanso muulutsi, amene anaphedwa mu 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira dera la Mkushi. Msewu wodutsa pa nyumba ya wailesi ya boma ya ZNBC kulowera ku Kalingalinga ndi Mtendere umatchedwa dzina lake, ngakhale ambiri okwera minibasi mmenemo sanamvepo nyimbo yake n'imodzi yomwe.

TV, imene inayambira ku Kitwe mu 1961, inasintha zinthu. Mafunde ake, pamodzi ndi a FM, amayenda molunjika. Chimene mlongoti sukuchiona, sachifikira bwino. Apa ndi pamene Lusaka inamva kusowa kwa phiri, n'kuyamba kudzimangira utali. ZNBC ili ndi milongoti yake ku Twin Palm, kum'mawa kwa mzinda. Radio Phoenix, imene inayamba mu 1996, inakhala zaka zambiri m'mwamba mwa ZIMCO House pa Cairo Road.

Theka lina la ntchitoyo linagwera anthu a m'makomboni. Ku Chawama, George ndi Matero nyumba iliyonse ya TV inali ndi mtengo wa bulugamu kapena paipi yomangiriridwa pakhoma ndi waya, eriyo ili pamwamba. Mphepo ya mu Ogasiti ikawomba, chithunzi chinkasanduka mchenga. Mwana ankatumidwa panja kukapotokola mtengo uja, a m'nyumba akukuwa pawindo kuti, "Bwerera pang'ono! Basi, pomwepo!" Masiku a mpira, ntchito imeneyi inali yosasiririka.

Kufunika kwa malo oulutsira mawu kunaonekera poyera pa 30 Juni 1990, pamene msilikali wina, Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda boma, patangopita masiku ochepa chichitikire zipolowe za mtengo wa ufa. Anthu anakhamukira m'misewu asanaone n'komwe msilikali, chifukwa wailesi inali itanena.

Mu 2017 TV yachikale ija inazimitsidwa m'mizinda ya m'mbali mwa njanji, ndipo anthu anagula madikoda a TopStar, kampani ya ZNBC ndi StarTimes ya ku China. Chithunzi chinayera, mchenga unatha. Msonkho wa TV, umene kale unkabwera ndi bilu ya magetsi ya ZESCO, unayamba kudulidwa munthu akamalipirira dikoda pamwezi.