Chipolopolo cha pamwendo chimapha

Anabwera naye usiku pa kapikiapu, atamugoneka pa makatoni, buluku lonse litanyowa ndi magazi. Anali mnyamata wogwira ntchito pa golosale ina ku Machinjiri. Bala lake linali laling'ono, kabowo kamodzi m'kati mwa ntchafu, koti chala n'kutseka. Koma milomo inali itayera kale, manja atazizira, ndipo namwino atafufuza mtsempha woti abaye dripi sanaupeze. Tinathamangira naye ku fiyeta. Anatisiya tisanamange n'komwe mtsempha umene unaduka.

Amene anamuwombera anali bwana wake, ndipo ndi yemwenso anayendetsa galimotoyo. Anamva phokoso kuseri kwa sitolo, anaona munthu akukwera mpanda, n'kutenga mfuti yake, ya chiphaso bwinobwino. Mnyamatayo anali atachedwa koonera mpira ndipo anapeza geti atakiya. Bamboyo ndinamupeza pa benchi akunjenjemera, akungobwereza mawu amodzimodzi: "Adokotala, inetu ndinaloza mwendo. Sindinafune kupha munthu ine." Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona, ndipo n'zimene zikundiwawa kwambiri.

Ndine dokotala wa maopaleshoni, ndipo mawu akuti "ungomuwombera mwendo" ndatopa nawo. Amamveka m'minibasi ya ku Bangwe mbava zikathyola shopu, amamveka pamaliro, amatulukanso pakamwa pa anthu ophunzira amene akufunsa njira yopezera chiphaso cha mfuti. Ambirife tinakulira m'mavidiyo sho, kumene ngwazi imawomberedwa paphewa, n'kung'amba malaya, kumanga bala, ndewu n'kupitirira. Tinafika pokhulupirira kuti mutu ndi chifuwa ndiye pophera, mwendo ndi mkono ndi pochenjezera chabe. Thupi limene ine ndimatsegula ndi mpeni silinalengedwe choncho.

M'kati mwa ntchafu mumadutsa mtsempha waukulu umene timautcha femoral artery, wotenga magazi kuchokera kumtima kupita kumwendo wonse. Cha kumphechepeche umakula pafupifupi sentimita imodzi. Magazi onse a munthu wamkulu ndi pafupifupi malita 5, okwana m'kachigubu kamodzi ka mafuta ophikira, ndipo akataya malita 2 moyo wake uli kale pachiswe. Mtsempha umenewu ukaduka magazi sadontha, amathovoka motsatira kugunda kwa mtima, ndipo malita awiriwo amatha m'mphindi zochepa, galimoto isanatuluke m'misewu yokumbika ija kufika pa tala. Chotsatira chake timati shock. Magazi otsalawo sakwananso kuzungulira thupi, impso zimaima, mutu umasokonezeka, thupi limazizira, kenako magazi amasiya kuundana. Zikafika apo, ukamasoka pano kwayamba kutuluka uko.

Chipolopolo chikaphonya mtsempha n'kumenya fupa la ntchafu, fupalo silithyoka pawiri monga la munthu wogwa panjinga. Limaphwanyika, ndipo tizidutswa take timang'amba minofu mbali zonse. Ntchafu yokha imatha kumeza lita imodzi ya magazi kapena kuposa, kunja kukuoneka kadontho chabe. Achibale amati wachita mwayi, sakutaya magazi, pamene mwendo ukutupa iwo akuona.

Palinso nkhani ya liwiro. Chipolopolo cha pistol chimayenda mamita oposa 300 pa sekondi imodzi, cha AK-47 oposa 700. Chikalowa m'thupi ndi liwiro lotero sichingoboola njira yake yokha. Chimakankhira minofu m'mbali mwamphamvu, minofuyo n'kubwerera, ndipo pobwerera imayamwira m'kati fumbi, tizilombo ndi tinsanza ta buluku. Ife timati cavitation. N'chifukwa chake kabowo kakang'ono timakakulitsa dala, kudula mnofu wonse wakufa, kutsuka, n'kusiya bala losasoka kwa masiku angapo. Magadiyani amakwiya, amati adokotala aiwala kusoka. Sitinaiwale ayi. Bala la mfuti mukalitseka tsiku lomwelo mwatsekera mafinya m'kati, ndipo mwendo umaola.

Ndiye pali koloko. Mwendo umene sukulandira magazi kwa maola pafupifupi 6 umayamba kufa, ndipo ukafa timadula. Ganizani mnyamata wa kabaza, kapena wosenza katundu mumsika wa Ndirande, akubwerera kwawo ndi mwendo umodzi, kukakhala pa zitunda za Bangwe kapena m'mphepete mwa phiri la Soche kumene ngakhale wa miyendo iwiri amaterereka nthawi ya dzinja. Ameneyo m'kaundula timalemba kuti wapulumuka.

Zonsezi ndikunena ngati kuti chipolopolo chapita pamene munaloza. Usiku, magetsi atazima, mtima ukugunda, munthu akuthamanga, dzanja silimvera mwini wake. Woloza mwendo amamenya mimba, kapena amaphonya. Ndipo chophonyacho sichibwerera mumfuti. M'makomboni mwathu nyumba za lendi n'zogundana, khoma ndi la zidina kapena la njerwa imodzi, kuseri kwake ana agona pamphasa. Amene amati "ndingowombera m'mwamba kuti athawe" aziganiziranso bwino. Chipolopolo cha mfuti yaikulu chimatha kuuluka makilomita oposa 2, ndipo chikamatsika chimakhala ndi mphamvu yoboola lata ndi chigaza cha mwana. Wowombera ali pa Chinseu sadziwa denga la yani limene chikatere.

Anthu a ku Chilomoni akukumbukira May 2004. Pa zipolowe zimene zinatsatira chisankho cha chaka chimenecho, mtsikana wamng'ono anawomberedwa mwendo ndi apolisi, ndipo anataya magazi mpaka kumwalira. Mwendo womwewu. Pa zionetsero za pa 20 July 2011 ndi tsiku lotsatira anthu 20 anafa m'dziko muno, ambiri mwa iwo ndi zipolopolo. Mfuti zimenezo zinali m'manja mwa anthu amene anaphunzitsidwa kuzigwira. Ngati zimatero m'manja mwa ophunzitsidwa, masana dzuwa likuswa mtengo, nanga m'manja mwa munthu wa bizinesi amene wadzidzimuka kutulo?

Sindikupeputsa mantha a anthu. Ndasokapo mitu ya amayi ndi abambo amene achifwamba anawakhapa ndi zikwanje m'nyumba zawo zomwe, ndipo ndikudziwa mmene zimawawira kuimba foni kupolisi usiku n'kumva kuti galimoto palibe. Munthu wotere akanena kuti boma lifewetse malamulo, aliyense wa chuma chake asunge mfuti, ndimamumvetsa. Koma sindigwirizana naye. Pempho lakelo latsamira pa chikhulupiriro chija, choti mfuti ungaigwiritse ntchito pang'ono, kuopseza nayo kapena kuvulaza nayo mwamuyeso. Muyeso umenewo kulibe. Amene akugula mfuti akugula chida chophera, ndipo anthu amene amakhala pafupi ndi chidacho tsiku ndi tsiku si mbava ayi. Ndi mkazi wake pa tsiku la mkangano, mwana wake wachidwi, wantchito wake, ndi iye mwini pa tsiku limene ngongole zamukwana. Ku America, kafukufuku wa Arthur Kellermann ndi anzake wa mu 1993 anapeza kuti m'nyumba yosunga mfuti mpata woti munthu aphedwe m'nyumbamo umakwera pafupifupi katatu, ndipo wakuphayo kawirikawiri amakhala wachibale kapena wodziwika. Mu 2021 anthu oposa 48,000 anafa ndi mfuti m'dziko limenelo, oposa theka mwa iwo podziwombera okha.

Kuno kwathu kusunga mfuti si ufulu wobadwa nawo. Lamulo la mfuti la mu 1967 limafuna chiphaso, ndipo kaundula wake ali m'manja mwa apolisi. Lamuloli linalembedwa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique isanayambe, nkhondo imene inatha mu 1992 n'kusiya ma AK-47 akuyenda m'malire, komanso Operation Bwezani ya mu December 1993 isanachitike, pamene asilikali analanda zida a Payoniya ndipo ena anathawira kutsidya. Pa 14 August 2001 atsogoleri a SADC anasainira mu Blantyre muno pangano loletsa kufala kwa mfuti, lofuna kuti mfuti iliyonse ikhale ndi chizindikiro, ilembedwe m'kaundula, isungidwe motetezeka, ndipo mwini wake ayesedwe ngati ali woyenera. Ine ndikanakonda kuti wopempha chiphaso aziyesedwa maso ndi maganizo omwe, azionetsa bokosi lachitsulo lokhoma, ndipo mkazi wake azifunsidwa payekha ngati akuvomera. Aziyendetsedwanso mu wodi yathu m'mawa umodzi pa nthawi yotsuka mabala.

Abale athu a ku Joni angatiuze zambiri. Lucky Dube, amene nyimbo zake zimalirabe m'mabala ndi m'maminibasi mwathu, anawomberedwa ku Rosettenville mu October 2007 akutsitsa ana ake m'galimoto. South Africa inakhwimitsa lamulo lake la mfuti mu 2000, ndipo kafukufuku wa m'mizinda yake isanu anaonetsa kuti pakati pa 2001 ndi 2005 imfa za mfuti zinkatsika ndi pafupifupi 14 peresenti chaka chilichonse. Kenako wapolisi wina wamkulu, Christiaan Prinsloo, anagulitsa kwa magulu a zigawenga mfuti pafupifupi 2,000 zimene zinayenera kuphwanyidwa, ndipo mu 2016 anagamulidwa zaka 18. Apa ndiye ndimati polankhula za malamulo a mfuti tiziwerenganso za boma ndi za makampani a alonda, kuti yotuluka m'mawa izibwerera madzulo ndi zipolopolo zake zokwanira. M'mawodi mwathu ovulala ambiri akadali a ngozi zapamsewu, a mipeni ndi a zikwanje. Wokhapidwa nthawi zambiri amafika akupuma ndipo timakhala ndi mpata womuthandiza. Mwayi umenewu anzathu a ku Cape Town alibe, ndipo sindikufuna tiutaye.

Tsopano, zikakuchitikirani pakhomo. Izi si zolowa m'malo mwa maphunziro a chithandizo choyamba, ndipo bala lililonse lili ndi zake, koma zingagule mphindi. Pindani chitenje kapena malaya, dindani pabalapo mwamphamvu ndi manja onse awiri, ndipo osamasuzumira ngati magazi aleka. Ngati ndi pamwendo kapena pamkono ndipo akuthovokabe, mangani nsalu yotakata kumtunda kwa bala, lowetsani kamtengo, potolozani mpaka magazi aime, n'kusunga nthawi imene mwamanga kuti mukatiuze. Timati tourniquet. Imapweteka kwambiri, wovulalayo adzakuwa, koma musamasule panjira. Waya ndi linya ayi, zimadula mnofu. Musathire dothi, mchere, mankhwala otsukira mano kapena mafuta a mabuleki. Musamumwetse madzi kapena fanta chifukwa mwina akupita ku fiyeta. M'fundeni bulangete. Wina apite kupolisi, koma wovulalayo apite kuchipatala nthawi yomweyo, osayamba mwadikira kalata. Kwa ife a mu Blantyre, bala la mfuti ndi la ku Gulupu, kumene kuli fiyeta ndi magazi, ngakhale chipatala chaching'ono chili pafupi. Pokhapokha ngati njira palibe, yambirani pomwepo akamuike dripi.

Ndipo chonde musakolowole bala kufuna chipolopolo. Nanenso nthawi zambiri sindichifuna. Ntchito yanga ndi kuimitsa magazi, kukonza matumbo kapena mtsempha, ndi kuchotsa mnofu wakufa. Chipolopolo chikakhala pamalo posavuta timachisiya, chifukwa kuchikumba kungawononge zambiri, ndipo anthu amakhala nacho zaka. Chimene chili m'mfundo, kapena chikupanikiza msana, ndiye timachitsata. Tikachichotsa sitipereka kwa achibale, chimapita kupolisi ngati umboni.

Chimene timasowa kwambiri usiku wotere ndi magazi. Munthu mmodzi wowomberedwa amatha kumaliza mabotolo amene akanathandiza amayi angapo kumatenite. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ana a sukulu, kotero sukulu zikatsekera magazi amachepa m'zipatala. Ngati muli ndi thanzi, pitani mukapereke, makamaka nthawi ya holide, ndipo mutengane ndi anzanu a pa bawo kapena a kumpingo.