MTSINJE WOFIIRA WA KU SPAIN NDI MIDZI YACE YAKALE

Abale athu a ku migodi ndi a ku mafamu, lero tikutengani ku dziko la Spain, ku dera la Huelva, kumene kuli mtsinje wocedwa Rio Tinto. Madzi ace ngofiira monga vinyo cifukwa ca citsulo cosungunuka m'menemo, ndipo ngowawasa kotero kuti nsomba sizikhalamo. Alendo ambiri amapita kukauona, nayenda m'midzi yakale ya m'mbali mwace.

Kumtunda kwa mtsinjewu kuli mudzi wa Minas de Riotinto. Anthu anayamba kukumba mkuwa ndi siliva kumeneko zaka zikwi zapitazo, ndipo Aroma omwe anakumbako. M'caka ca 1873 boma la Spain linagulitsa migodiyo kwa kampani ya Angerezi, ndiyo Rio Tinto Company, imene inayala njanji ya mailosi oposa 50 kufikira ku doko la Huelva. Akulu a kampani anadzimangira malo ao pa okha, dzina lace Bella Vista, okhala ndi linga ndi alonda pa cipata. Nyumba zao ziripo kufikira lero. Anchito a m'dzikomo, angakhale anali oyera khungu monga mabwana ao, sanali kuloledwa kulowamo wamba. Munthu amene anagonapo m'komboni sasowa womfotokozera zimenezi.

Masiku amenewo miyala ya mkuwa anali kuiocha pa bwalo, milu yaikuru yofuka miyezi yambiri. Utsi wace unapsereza mbeu m'minda, nulowa m'zifuwa za anthu. Ndipo tsiku limene utsi unacuruka kotero kuti nchito inalephereka, malipiro anali kudulidwa. Tsono pa 4 February 1888 anchito a m'migodi ndi alimi a ku Zalamea la Real anasonkhana zikwi-zikwi pa bwalo la mudzi, pamodzi ndi akazi ndi ana, kudzanena dandaulo lao. Asilikari anawaombera. Boma linawerenga akufa 13, koma anthu a kumeneko sanabvomereze ciwerengero cimeneco, nati anafa ambiri koposa. Ndipo cakaco amacichula "caka ca mfuti". Kuocha miyala pa bwalo kunalekeka mu 1907.

Kampani yomweyo ndiyo inadzaika cuma cace m'migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, mwa Rhokana Corporation ya ku Nkana, kumene atate athu ambiri anagwira nchito. Mu 1954 inagulitsa gawo lalikuru la migodi ya ku Spain kwa eni dziko. Kukumba kunaima mu 2001, nikuyambanso patapita zaka zoposa 10.

Mlendo wa lero amaonetsedwa dzenje la Corta Atalaya, lakuya mapazi oposa 1,000, ndi cipatala cakale ca kampani cimene cinasanduka nyumba yosungiramo zakale. Amakweranso sitima yakale yoyenda pang'ono-pang'ono m'mbali mwa madzi ofiira aja, pakati pa mapiri a miyala yotayidwa. Ife tiyesa kuti mwa zonse ulendo wa sitimawu ndiwo woyenera ndarama zace.

Potsika ndi mtsinje mufika ku Niebla, mudzi wozingidwa ndi linga lofiira la Asilamu, lotalika koposa mailo imodzi, limene mfumu Alfonso X anagonjetsa mu 1262. Pafupi pace pali dziko la mphesa locedwa Condado. Ku La Palma ndi ku Bollullos amaponda vinyo woyera wa mphesa za mtundu wa zalema, namsunga m'migolo ya mitengo m'nyumba zazitali zozizira. Wina amamthira makoko a malalanje kuti anunkhire.

Kumatsiriro a mtsinje kuli Palos de la Frontera, kumene Columbus ananyamuka ndi zombo zitatu pa 3 August 1492. Ocezera amadza kudzaona chalichi ca San Jorge ndi nyumba ya ansembe ya La Rábida. Koma akaturuka kunja kwa mudzi apeza minda yofunditsidwa pulasitiki, ya zipatso zofiira zocedwa sitiroberi. Othyola zipatsozo ambiri ndiwo alendo a ku Morocco, Romania, Senegal ndi Mali, obwera kudzagwira nchito ya nyengo. Ena a iwo amagona m'misasa ya matabwa ndi mapulasitiki m'nkhalango za paini, natumiza ndarama kwao pakutha pa mwezi.