Ka brand kanu kangabedwe pa boda: lembetsani dzina lisanakhale la wina

Mu makomboni a Lusaka masiku ano, pafupifupi aliyense ali na ka brand kake. Uyu asindikiza ma T-shirt, uyo apanga chilli na peanut butter ku Chawama, wina agulitsa mafuta a tsitsi ku Kanyama, ndipo onse malonda awo ali pa WhatsApp status na TikTok. Katundu ukayamba kuyenda, dzina nalo liyamba kuyenda. Lero lili ku Soweto Market, mawa lili ku Chipata, mkuja ladutsa pa Mwami lalowa mu Lilongwe. Vuto ni lakuti dzina limafika ku dziko lina mwini wake asanafike, ndipo wocenjera wa kumeneko angalilembetse n'kukhala lake mwalamulo. Mukadzabwera na katundu wanu, ni inu amene mudzaoneka ngati wakuba.

Business name si trademark

Anthu ambiri akatenga certificate ya business name ku PACRA amaganiza kuti nkhani yatha. Pepala lija limakulolani cabe kucita bizinesi pansi pa dzinalo. Trademark ni cinthu cina, cili na fomu yake na malipiro ake, olo kuti ofesi ni imodzimodzi. Trademark ndiyo imakupatsani mphamvu yoletsa wina kuika dzina lanu, logo yanu, kapena cina cofanana nazo pa katundu wa mtundu womwe mumagulitsa.

Coyamba ni kupempha search ku PACRA kuti muone ngati palibe amene anakutsogolerani. Citani izi musanasindikize ma label 5,000. Caciwiri ni kusankha kalasi. Maiko ambiri amatsatira ndandanda ya Nice imene ili na makalasi 45: kuyambira 1 mpaka 34 ni katundu, 35 mpaka 45 ni nchito zothandiza anthu. Zovala zili mu 25, mafuta odzola na sopo mu 3, peanut butter mu 29, chilli sauce mu 30, malo odyera mu 43. Mukalembetsa mu 25 cabe, musadabwe wina akaika dzina lomwelo pa botolo la lotion.

Ba PACRA amaliunika dzinalo, kenaka amalisindikiza mu journal kuti amene ali na dandaulo atsutse. Dzina longofotokoza katundu, monga "Chilli Wokoma", nthawi zambiri silipita, cifukwa aliyense wogulitsa chilli ali na ufulu wokamba kuti wake ni wokoma. Lamulo lakale, Cap 401, linali loteteza katundu cabe. Trade Marks Act ya 2023 inaonjezapo ma service mark, nkhani yabwino kwa a salon, a barbershop, ma DJ na ojambula zithunzi.

Mphamvu yake imathera pa boda

Trademark ya ku Zambia imagwira nchito mu Zambia cabe. Pa Chirundu, pa Nakonde, pa Kasumbalesa, mphamvu yake yathera pomwepo. Izi zinagwetsapo na makampani akuluakulu. Burger King itafuna kulowa mu Australia inapeza dzina lake linalembetsedwa kale na ka shopu ka zakudya ku Adelaide, ndiye mu 1971 inatsegula na dzina lakuti Hungry Jack's, limene lilipo mpaka lero. Mu 2012, Apple inalipira kampani ya Proview madola 60 miliyoni kuti nkhani ya dzina la iPad ku China ithe. Manje ngati Apple inatulutsa ndalama zotere, inu wa ka shopu ka mu Kamwala mudzalimba bwanji?

Njira zitatu zotulukira kunja

Njira yoyamba ni kulembetsa dziko lililonse palokha, kupitira mwa loya kapena agent wa kumeneko. Imadya ndalama, koma ku maiko ena palibe njira ina. South Africa siili mu dongosolo la Madrid, conco muyenera kupita ku ofesi yawo, CIPC. Cimodzimodzi DR Congo na Angola. Ngati msika wanu ni Lubumbashi, loya wa ku Congo simungamuzembe.

Njira yaciwiri ni Madrid Protocol, imene imayendetsedwa na WIPO ku Geneva. Zambia inalowamo mu 2001. Mukakhala na pempho kapena trademark ku PACRA, mumalemba fomu imodzi kupitira ku PACRA komweko, n'kusankha maiko amene mufuna pa maiko opitirira 130. Malawi, Mozambique, Zimbabwe, Botswana, Namibia, Kenya, China, Britain na European Union onse alimo. Malipiro oyambira ni ma Swiss franc 653 ngati logo ni yakuda na yoyera, koma ocokera ku maiko amene United Nations imati ni osauka kwambiri, kuphatikizapo Zambia, amalipira 10 peresenti cabe, ma franc 65. Pamwamba pake pamabwera malipiro a dziko lililonse limene mwasankha.

Apa cenjerani pa zinthu ziwiri. Dziko lililonse limaunika palokha ndipo lili na miyezi 12 kapena 18 yoti likane. Ndiponso kwa zaka 5 zoyamba, zonse zimatsamira pa trademark ya kwanu. Ya ku PACRA ikagwa, za kunja nazo zimagwa.

Njira yacitatu ni ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa limene likulu lake lili ku Harare. Coseketsa n'cakuti linabadwira muno mu Lusaka mu 1976, koma Zambia siinalowe mu Banjul Protocol ya 1993, imene ni ya ma trademark. Conco pempho la ku ARIPO lingakufikitseni ku Malawi, Zimbabwe, Botswana na Uganda, koma muno kwathu silikutetezani. PACRA simungaidumphe.

Miyezi 6 ya golide

Pali lamulo limene ambiri saliziba. Pansi pa Paris Convention, mukapereka pempho ku PACRA lero, muli na miyezi 6 yokalembetsa ku maiko ena, ndipo kumeneko adzawerenga ngati munalembetsa pa tsiku la ku Lusaka. Wina akathamanga kukalembetsa dzina lanu ku Lilongwe mwezi wacitatu, inu mukafika mwezi wacisanu, pa mzere muli patsogolo pake. Miyezi 6 ikatha, mwayi uja wapita.

Wakuba nthawi zambiri ni wodziwana naye

Amene amalanda dzina kambiri si mlendo. Ni uja amene amakugulitsirani katundu ku dziko lina, kapena fakitale imene imakupangirani ma packet ku China. Ndiye amaona coyamba kuti dzina lili na ndalama. Musanamutumizire katoni yoyamba, lembani pangano lonena poyera kuti dzina na logo ni zanu ndipo iye alibe ufulu wozilembetsa. Naye designer amene anakujambulirani logo asaine kuti waipereka kwa inu. Ngati muli awiri mu bizinesi, gwirizanani manje kuti trademark ikhale mu dzina la kampani, cifukwa ubwenzi ukatha aliyense amakokera kwake.

Mukalembetsa musagone. Kalembera wa Madrid amakhala zaka 10, kenaka mumalipiranso. Ku maiko ambiri trademark imene siinagwire nchito kwa zaka 3 kapena 5 ingafafanizidwe wina akadandaula, conco sungani ma risiti, ma invoice na zithunzi za malonda. Ka TM mungakaike nthawi iliyonse, koma ka ® ni ka dzina lolembetsedwa cabe, ndipo kukaika mwabodza ni mlandu ku maiko ambiri.

Simufunika dziko lonse lapansi. Tengani pepala, lembani maiko atatu: kumene mugulitsa lero, kumene mufuna kugulitsa caka camawa, na kumene katundu wanu amapangidwa. Yambani na search ku PACRA sabata ino, ndipo tsiku limene mwapereka pempho mulilembe pa kalenda, cifukwa miyezi 6 ija iyamba kuwerengedwa pomwepo.