Masiginecha 15,000: Pomwe Ofuna Ubwanamkubwa ku Michigan Amakodwa

Mu Meyi 2022, anthu asanu mwa khumi omwe ankafuna kuimira chipani cha Republican pa mpando wa bwanamkubwa wa chigawo cha Michigan ku America anauzidwa kuti mayina awo sadzaoneka pa pepala lovotera. Voti inali isanaponyedwe ndi imodzi yomwe. Awiri mwa iwo, James Craig yemwe kale anali mkulu wa apolisi mumzinda wa Detroit, ndi Perry Johnson, mpondamatiki wochita bizinesi, ndiwo ankaoneka kuti ali patsogolo. Chinawagwetsa ndi mapepala.

Zoyenereza munthu kupikisana pa mpandowu n'zochepa. Akhale ndi zaka 30 kapena kuposerapo, ndipo akhale kuti wakhala m'kaundula wa ovota wa chigawocho kwa zaka zinayi. Amalemba chikalata cholumbira chonena dzina lake, komwe amakhala ndi mpando womwe akufuna, n'kukhazikitsa komiti yosunga ndalama za kampeni. Apa sipavuta munthu.

Chovuta ndi masiginecha. Wofuna kulowa m'chisankho chachipulula cha chipani chake ayenera kubweretsa masiginecha 15,000 ovomerezeka a anthu olembetsa kuvota, ndipo saloledwa kupyola 30,000. Asangowatola pamalo amodzi: pakhale osachepera 100 kuchokera m'dera lililonse mwa theka la madera omwe amatumiza aphungu ku Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse. Wofuna uphungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo atha kulipira madola 100 m'malo mosainitsa anthu, koma wofuna ubwanamkubwa mwayi umenewo alibe.

Pepala losainiralo lili ndi misampha yake. Pamwamba pamalembedwa dera lomwe osainawo analembetsera. Mzere uliwonse uli ndi malo a siginecha, dzina, adiresi ndi tsiku. Pansi pamasaina yemwe amayenda ndi pepalalo, kutsimikiza kuti anaona ndi maso ake aliyense akusaina. Munthu yemwe analembetsa m'dera lina akasaina, mzere wakewo wafa. Akaiwala tsiku, wafanso. Woyenda ndi pepala akalakwitsa chitsimikizo chake chapansi, pepala lonse litha kutayidwa pamodzi ndi anthu onse omwe anasaina bwinobwino. N'chifukwa chake aliyense wodziwa amatola masiginecha ochuluka kuposa ofunikawo.

Akuluakulu amati lamuloli limaonetsa kuti munthu ali ndi omutsatira. Koma kuima pakhomo la sitolo m'chisanu cha ku Michigan cha mu Febuluwale n'kumapempha odutsa kuti asaine si ntchito yomwe otsatira chipani ambiri amaipirira. Ambiri opikisana amalemba ganyu makampani, makampaniwo nawo n'kulemba anthu omwe amalipidwa pa siginecha iliyonse. Mu 2022, ofesi ya zisankho inati mtengo unakwera kufika pafupifupi madola 20 pa siginecha imodzi. Muchulukitse ndi 15,000 mupeza madola 300,000, munthu asanasindikize ndi chithunzi chomwe cha kampeni. Ndalama imeneyi simuipeza pa mndandanda wa zoyenereza, komatu ndi imene imatsekera kunja anthu opanda thumba.

Kulipira pa siginecha kumaitana akuba. Ofesi ya zisankho inapeza anthu 36 omwe anabweretsa masiginecha abodza osachepera 68,000 kwa opikisana khumi, kuphatikizapo ofuna uweruzi. Ankakhala mozungulira tebulo, n'kumapatsirana mapepala, aliyense akusaina mzere umodzi kuti kalembedwe kaoneke kosiyana. Mapepala ena anali oyera mbee, opanda makwinya ngakhale dontho la mvula, chonsecho akuti anayenda m'misewu masiku ambiri. Ena anali ndi mayina a anthu omwe anamwalira kalekale. Craig anapereka masiginecha oposa 21,000 koma ovomerezeka anangopitirira 10,000 pang'ono. Johnson anapereka oposa 23,000 n'kutsala ndi 13,800.

Chomwe chimandivuta kumvetsa ndi kayendedwe ka nthawi. Tsiku lomaliza lopereka mapepala linali 19 Epulo, 4 koloko madzulo. Likadutsa, aliyense ali ndi masiku asanu ndi awiri oti adandaule za mapepala a mnzake, ndipo ogwira ntchito ku ofesi ya zisankho amayamba kufananiza masiginecha ndi omwe ali m'kaundula. Lipoti lawo linatuluka patadutsa mwezi wathunthu. Apo nthawi yowonjezera masiginecha inali itatha kale. Munthu amauzidwa kuti wapereweza pamene sangachitenso kanthu, ndipo lamulo silifunsa ngati iyeyo ankadziwa za chinyengocho. Pepala lililonse lomwe wapereka ndi mlandu wake, ngakhale woyenda nalo sanamuonepo nkhope.

Chigamulo chimapangidwa ndi bodi ya anthu anayi yotchedwa Board of State Canvassers, awiri a Republican ndi awiri a Democrat. Kuti dzina lilowe pa pepala lovotera pamafunika mavoti atatu. Pa 26 Meyi bodiyo inagawikana pakati, aliyense kumbali ya chipani chake, ndipo kugawikana kotero kumatanthauza kukana. Maloya a okanidwawo ankati ofesi inayenera kuunika siginecha iliyonse payokha, osati kutaya mapepala onse a omwe anagwidwa ndi chinyengo. Mfundoyo si yachabe, chifukwa kuchotsa munthu pa chisankho n'kulanda ovota mwayi wosankha. Komabe makhothi anaikana, kalendala ikuthamangira tsiku losindikiza mapepala ovotera.

Wofuna mpando wotere ndi bwino asadikire ofesi kuti imuwerengere. Kaundula wa ovota amapezeka kwa opikisana, choncho komiti yake ifananize mzere ndi mzere mapepala asanachoke m'manja mwake, ndipo pepala loyera kwambiri kapena lodzadza bwino mopanda cholakwika chilichonse alikayikire. Apereke msanga, chifukwa tsiku lomaliza lisanafike amaloledwa kuwonjezera.

Chisankho chachipulula chinachitika pa 2 Ogasiti, ndipo Tudor Dixon ndiye anapambana, n'kudzagonja kwa Gretchen Whitmer wa chipani cha Democrat mu Novembala. Anthu atatu omwe ankayendetsa makampani osainitsawo anatsegulidwa mlandu mu Juni 2023.