Uvuni Nawonso Umafuna Kupuma

M'makomboni a Livingstone monga Dambwa, Maramba ndi Libuyu, mabanja ambiri akumanga nyumba zatsopano, ndipo ena akuika uvuni wolowetsa m'kabati ya m'khichini. Ndi cinthu cokongola m'maso. Koma mmisiri akaukhomera mbali zonse osasiya mpata wa mphepo, kukongolako kungathe kubala maliro.

Uvuni wamagetsi umatentha kufika madigiri 250. Kuti usapsereze kabati, umakoka mphepo yozizira ndi kutulutsa yotentha. N'cifukwa cace mmisiri ayenera kusiya mpata kumbuyo kwace ndi kuboola malo olowera mphepo kunsi kwa kabati, potsata miyeso yolembedwa m'kabuku kobwera ndi uvuniwo. Mpata ukasowa, matabwa amawauka pang'onopang'ono ndipo nthambo zamagetsi zimasungunuka. Ngoziyi imakula m'mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kwa kuno kumapitirira madigiri 35 masiku ena. Ngati pamwamba pa citofu mwaika cokokera utsi, paipi yace itulukire panja penipeni. Ikathera m'siling'i, mafuta amaunjikana m'menemo kudikira moto.

M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, magetsi anasowa kwa maola ambiri pa tsiku, ndipo mabanja ambiri anatembenukira ku gasi ndi ku mbaula. Apa m'pofunika kusamala koposa. Gasi wa m'botolo ndi wolemera kuposa mphepo. Akadontha amakhala pansi. Cotero khichini ikhale ndi cibowo camunsi ndi cina camwamba, ndipo botolo lisatsekeredwe m'kabati yopanda potulukira mpweya. Lawi labwino ndi labuluu. Likasanduka lacikasu, zimitsani ndipo itanani wodziwa nchitoyo.

Moto ukasowa mphepo yokwanira umatulutsa mpweya wakupha wochedwa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Makala amautulutsa wambiri. Munthu amayamba kumva mutu, cizungulire ndi nseru, kenaka amagona tulo tosadzukanso. Usiku wozizira wa Juni ndi Julayi, musalowe ndi mbaula m'cipinda cotseka. Wina akafooka, tsegulani zitseko, mutulutseni panja ndi kuthamangira naye kucipatala. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti m'caka ca 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anafa ndi matenda obwera ndi utsi wa m'nyumba.

Makolo athu ankamanga khichini padera, ndipo utsi unkatulukira m'denga laudzu. Ife talowetsa moto m'nyumba yogonamo, ya malata ndi magalasi. Tsono inu bambo ndi mai, musanalipire mmisiri, mufunseni kuti: kodi mphepo ilowera pati, nanga itulukira pati? Safunsa anadya phula. Moyo wa ana amene amazungulira mphika madzulo ndi mphatso ya Mulungu, ndipo anaiika m'manja mwathu kuti tiisunge.